MADZI OSEFUKIRA, MISEWU YA KUMUDZI NDI MIPIKISANO YA NJINGA

Mawu oyamba

Owerenga athu, njinga tonse timaidziwa. Ena mwa inu muli nayo pakhomo. Ena mumakwera ya kabaza popita kumsika kapena kuchipatala. Njinga imanyamula chimanga kupita kuchigayo. Imanyamula nkhuni, feteleza, mwana wasukulu ndiponso mayi wodwala. Palinso anthu ena amene amakwera njinga popikisana, kuti aone wothamanga koposa anzake.

Koma njinga imafuna msewu. Msewu ukawonongeka, wakabaza amagona ndi njala, wodwala amachedwa kufika kuchipatala, ndipo opikisana amasowa pothamangira. Mdani wamkulu wa msewu ndi madzi. Paja akuluakulu adati walira mvula walira matope.

M'nkhani ino muwerenga mmene madzi amawonongera msewu. Muwerenganso zimene zidachitikira mipikisano iwiri ya njinga, wina ku France, wina ku Italy. Pomaliza tikambirana za misewu yathu ndi zimene inu mungachite poisamala. Werengani pang'onopang'ono. Mukatha ndime imodzi, imani kaye, mukambirane ndi mnzanu.

Mpikisano wa njinga umayenda bwanji?

Mpira uli ndi bwalo lake. Nkhonya nazo zili ndi malo ake. Koma mpikisano wa njinga ulibe bwalo. Bwalo lake ndi msewu womwewo umene mlimi amadzera popita kukagulitsa mbewu zake.

Mpikisano wotchuka koposa pa dziko lonse lapansi ndi wa ku France, dzina lake Tour de France. Udayamba m'chaka cha 1903. Umachitika chaka ndi chaka, kawirikawiri m'mwezi wa Julayi, ndipo umatenga milungu 3. Uli ndi zigawo 21. Tsiku lililonse opikisana amathamanga chigawo chimodzi, kuchokera tawuni ina kufika tawuni ina. Zigawo zonse pamodzi zimapitirira makilomita 3,000.

Pamapeto a chigawo chilichonse, akuluakulu a mpikisano amalemba nthawi imene munthu aliyense watenga. Kenaka amaphatikiza nthawi ya masiku onse. Amene nthawi yake ndi yochepa koposa ndiye akutsogola, ndipo amavala malaya achikasu kuti anthu amuzindikire.

Njinga zothamangira n'zosiyana ndi zathu zakumudzi. N'zopepuka kwambiri. Malamulo salola kuti njinga yotere ichepere makilogalamu 6.8, ndipo zambiri zimalemera pafupi ndi pamenepo. Matayala ake ndi opyapyala, pafupifupi masentimita 3 m'lifupi mwake, ngati chala chachikulu cha kudzanja. Pamalo athyathyathya okwerawo amathamanga makilomita oposa 40 pa ola limodzi. Potsika phiri amapitirira makilomita 80 pa ola, ngati basi pa msewu wa tala. Ndiponso amayenda chigulu, anthu oposa 100, tayala la wina pafupi ndi tayala la mnzake.

Tsono taganizani. Tayala lopyapyala chotere likagunda dzenje kapena kuterereka pa matope, chingachitike n'chiyani? Mmodzi akagwa, onse amene ali pambuyo pake amamugwera. N'chifukwa chake mpikisano wa njinga sungachitike pa msewu wowonongeka.

Madzi amawononga bwanji msewu?

Tiyeni tiyambe ndi masamu pang'ono. Mvula amaiyeza m'mamilimita. Mvula ya milimita imodzi ikagwa pamalo otalika mita imodzi ndi otambalala mita imodzi, madzi ake amakwana lita imodzi.

Tsopano tengani msewu wotalika kilomita imodzi, ndiye kuti mamita 1,000. M'lifupi mwake ukhale mamita 5. Kukagwa mvula yamphamvu ya mamilimita 50, madzi ogwa pa msewu wokhawo amakwana malita 250,000. Amenewa ndi madzi odzaza ndowa 12,500 za malita 20. Apa sitidawerengeko madzi ochokera m'minda, m'mapiri ndi pa madenga a nyumba. Madzi onsewa amafuna kolowera. Akapanda kupatsidwa njira yawo, amasandutsa msewu kukhala mtsinje.

Madzi amawononga msewu m'njira zisanu.

1. Amakokolola dothi la pamwamba. Madzi othamanga amanyamula dothi ndi timiyala. Poyamba amasiya kamzere kakang'ono. Mvula ina ikabwera, madzi amadzeranso momwemo, paja madzi saiwala khwawa. Kamzere kaja kamakula mpaka kusanduka chigwembe.

2. Amafewetsa msewu. Madzi akaima pa msewu amalowa pansi. Dothi louma ndi lolimba, koma dothi lonyowa ndi lofewa ngati phala. Ngolo kapena lole ikadutsa, matayala amatitimira ndi kusiya mikwasa yakuya. M'mikwasamo mumaimanso madzi ena.

3. Amabowola msewu wa tala. Tala akang'ambika pang'ono, madzi amalowa pa mng'aluwo ndi kufewetsa dothi la pansi. Galimoto ikaponda, tala amabooka. Umu ndi mmene dzenje limabadwira.

4. Amadula milatho ndi makalavati. Kalavati ndi paipi yaikulu ya simenti kapena ya chitsulo imene imadutsa pansi pa msewu kuti madzi awolokere tsidya lina. Kalavati akatsekeka ndi mchenga, zinyalala kapena mitengo, madzi amadzaza mbali imodzi. Kenaka amasefukira pamwamba pa msewu ndi kuudula. Pa mlatho, madzi amakumba dothi pansi pa zipilala ndi m'mbali. Nthawi zambiri mlatho umatsala uli chilili pakati pa mtsinje, koma msewu wofikira pa mlathopo utapita.

5. Amagumula mapiri. Mvula ikagwa masiku angapo osaleka, dothi la m'phiri limakhuta madzi ndi kulemera. Kenaka limatsetsereka pamodzi ndi miyala ndi mitengo. Kwathu kuno timati kwadutsa napolo. Msewu wa m'munsi mwa phiri umakwiririka, ndipo wa m'mbali mwa phiri umagumuka.

Misewu ya kumudzi ndi imene imavutika kwambiri. Yambiri ndi yadothi. Ngalande zake n'zazing'ono, ndipo okonza amafikako mochedwa chifukwa amayamba ndi misewu ikuluikulu.

Zimene zidachitika ku France m'chaka cha 2019

Pa 26 Julayi 2019 opikisana a Tour de France adali pa chigawo cha 19. Adayenera kuthamanga makilomita 126, kuchokera ku Saint-Jean-de-Maurienne kufika ku Tignes, m'mapiri aatali otchedwa Alps. Kudatsala masiku 2 okha kuti mpikisano uthe.

Amene adavala malaya achikasu tsiku limenelo adali Julian Alaphilippe wa ku France komweko. Adali atawavala masiku 14. Anthu a dziko lake adali ndi chiyembekezo chachikulu, pakuti chiyambire 1985 padalibe munthu wa ku France amene adapambanapo mpikisanowu.

Pa njira padali chikweza chachitali chotchedwa Col de l'Iseran. Msewu wake umakwera kupitirira mamita 2,700 kuchokera pa nyanja yamchere. Kutalika kumeneku kukuyandikira kwa nsonga ya Sapitwa pa phiri la Mulanje, imene ili pa mamita 3,002. Pa chikwezachi mnyamata wa zaka 22 wochokera ku Colombia, dzina lake Egan Bernal, adawasiya anzake onse. Adafika pamwamba ali yekha. Alaphilippe adafika patapita mphindi pafupifupi 2.

Komabe mpikisano udali usadathe. Kudatsala makilomita pafupifupi 37. Alaphilippe amadziwika kuti ndi katswiri potsika mapiri, ndipo adayamba kuthamangira anzakewo ndi liwiro loopsa.

Okwerawo sadadziwe zimene zinkachitika kutsogolo. Kumene iwo adali kudalibe mvula. Koma m'munsi, pafupi ndi mudzi wa Val d'Isère, kudagwa mvula yamatalala. Msewu udadzaza madzi ndi matalala. Chigalimoto chokankha chidayesa kuchotsa, koma sizidatheke. Patsogolo pang'ono phiri lidagumuka, matope ndi miyala n'kutseka msewu wonse.

Akuluakulu a mpikisano, motsogozedwa ndi Christian Prudhomme, adalamula kuti onse aime. Okwera ena adakwiya, poti sadaone vuto lililonse pamene adali. Atamva za matope aja adamvetsa. Akuluakuluwo adagamula kuti awerenga nthawi imene aliyense adafikira pamwamba pa Col de l'Iseran, ndiponso kuti chigawo chimenecho chikhala chopanda wopambana. Motero malaya achikasu adachoka kwa Alaphilippe kupita kwa Bernal.

Tsiku lotsatira mavuto adalipobe. Dothi lidagumukiranso msewu wa pa chikweza china chotchedwa Cormet de Roselend. Chigawo cha 20 chidayenera kukhala cha makilomita 130, koma adachidula kufika pa makilomita 59. Pa 28 Julayi Bernal adalowa mu mzinda wa Paris ali wopambana. Adali munthu woyamba wa ku Colombia kupambana Tour de France. Alaphilippe adathera pa nambala 5.

Mpaka lero okonda masewerawa amatsutsanabe. Ena amati Alaphilippe akadawapeza anzake potsika. Ena amati akadatsaliratu pa chikweza chomaliza cha ku Tignes. Chimene onse amagwirizana n'chakuti kuimitsa mpikisano kudapulumutsa anthu. Mphotho imabweranso chaka chamawa, koma moyo subwera kawiri.

Zimene zidachitika ku Italy m'chaka cha 2023

Ku France vuto lidatenga masiku awiri. Ku Italy lidatenga miyezi.

Kumpoto kwa dziko la Italy kuli dera lotchedwa Emilia-Romagna. Ndi dera la alimi a zipatso, tirigu ndi mphesa. Mbali ina ndi chigwa, mbali ina ndi mapiri okhala ndi midzi ing'onoing'ono. Pa 16 ndi 17 Meyi 2023 kudagwa mvula yoopsa. M'malo ena, mvula imene imagwa pa theka la chaka idagwa pa tsiku limodzi ndi theka. Nthaka idali itakhuta kale ndi mvula ina imene idagwa kumayambiriro kwa mwezi womwewo. Mitsinje yoposa 20 idasefukira. Matawuni a Faenza, Forlì ndi Cesena adamira. Anthu osachepera 15 adamwalira, ndipo ena zikwizikwi adathawa m'nyumba zawo.

Kumapiri dothi lidagumuka m'malo ambirimbiri. Misewu mazanamazana idatsekedwa. Midzi ina idakhala masiku angapo popanda galimoto yofikako.

M'dera lomweli muli tawuni ya m'mbali mwa nyanja yotchedwa Cesenatico. Kumeneko kumayambira mpikisano wa njinga wotchedwa Nove Colli. M'chinenero chawo dzinali likutanthauza mapiri asanu ndi anayi. Udayamba m'chaka cha 1971. Suli wa akatswiri olipidwa ayi. Anthu wamba zikwizikwi amabwera ndi njinga zawo kudzathamanga makilomita pafupifupi 200 m'misewu ya m'midzi ya kumapiri.

Chaka chimenecho mpikisanowu udayenera kuchitika pa 21 Meyi, patangopita masiku 4 chigwere mvula ija. Sudachitike. Okonza adausunthira mwezi wa Sepitembala. Ngakhale mpikisano wa galimoto zothamanga wa ku Imola, umene udayenera kuchitika tsiku lomwelo, adauletsa.

Zifukwa zidalipo zitatu. Choyamba, misewu ya kumapiri idali yoduka. Chachiwiri, apolisi, madokotala ndi maambulansi amene amathandiza pa mpikisano adali kalikiliki kupulumutsa anthu. Chachitatu, sibwino kuchita masewera pakhomo pamene pali maliro.

Anthu a kumeneko adagwira ntchito yokonza misewu yawo. Patapita chaka chimodzi, mpikisano wa Tour de France udayambira ku Italy kwa nthawi yoyamba. Pa 30 Juni 2024 chigawo chachiwiri chidanyamukira ku Cesenatico komwe kuja kupita ku Bologna. Tsiku lotsatira Biniam Girmay wa ku Eritrea adapambana chigawo chachitatu mu mzinda wa Turin. Iye adali munthu wakuda woyamba wa mu Africa kupambana chigawo cha mpikisanowu.

Mpikisano ukalephereka, amataya ndani?

Mwina mukuti, "Aa, amenewo ndi masewera chabe." Zoonadi, moyo wa munthu ndi munda wake n'zofunika koposa masewera. Komatu mpikisano ukalephereka, otaya ndi ambiri.

Wopikisana amataya miyezi imene adakhala akukonzekera. Okonza amataya ndalama zimene adalipira kale. Eni nyumba zogona alendo amasowa alendo. Ogulitsa zakudya, okonza njinga ndi onyamula katundu amasowa malonda a tsiku limenelo. Ndiponso okonza akasamutsira mpikisano ku msewu wina wabwino, mwina sabwereranso. Mudzi umene udali kulandira alendo chaka ndi chaka umaiwalika.

Dziwaninso ichi. Opikisana amadutsa pa msewu tsiku limodzi pa chaka. Eni mudzi amadutsapo tsiku ndi tsiku. Ngati msewu wakanika anyamata amphamvu okwera njinga zopanda katundu, nanga bambo wonyamula matumba awiri a chimanga adutsa bwanji? Nanga mayi woyembekezera?

Nanga kuno kwathu?

Ife a ku Malawi mavuto amenewa sitichita kumva kwa ena. Mu Malichi 1991 napolo adatsika m'phiri la Michesi ku Phalombe ndi kupha anthu ambiri. Mu Januwale 2015 madzi adasefukira ndipo boma lidalengeza kuti maboma 15 ali pa ngozi. Mu Malichi 2019, miyezi inayi mpikisano wa ku France uja usadachitike, mvula yodza ndi namondwe wa Idai idawononga zinthu m'chigawo cha kummwera. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana adadula msewu wa M1 ku Chikwawa, ndipo adawononga malo opangira magetsi a Kapichira.

Choopsa koposa chidadza mu Malichi 2023. Namondwe wa Freddy adabweretsa mvula ya masiku angapo osaleka. Matope adatsika m'phiri la Soche ndi kukwirira nyumba ku Chilobwe mu mzinda wa Blantyre. Mapiri adagumukanso ku Mulanje, Phalombe ndi Chiradzulu. Ku Nsanje ndi ku Chikwawa midzi idamira. Anthu oposa 1,000 adamwalira kapena kusowa, ndipo oposa 600,000 adasiya nyumba zawo. Milatho ndi misewu yambiri idaduka. Kumadera ena thandizo lidafika pa helikopita ndi pa maboti pokha. Mayiko a Tanzania ndi Zambia adatumiza ndege zoterezi kudzathandiza.

Madzi ataphwa, galimoto zidalepherabe kufika m'midzi yambiri. Njinga ndiyo imatha kudutsa m'tinjira, ndipo pa mtsinje munthu amainyamula paphewa. Komabe ulendo wa ola limodzi umasanduka wa maola atatu. Mtengo wa kabaza umakwera. Mchere, sopo ndi shuga zimakwera mtengo m'magolosale, pamene nandolo ndi tomato wa mlimi zimatsika mtengo chifukwa ogula safika. Njinga nazo zimawonongeka msanga. Masipoko amathyoka, limu imapindika, ndipo mchenga umadya tcheni.

Achinyamata athu amene amakonda kupikisana pa njinga amavutikanso chimodzimodzi. Katswiri sabadwa ali katswiri. Amayambira pa msewu wa kwawo. Msewuwo ukakhala zigwembe zokhazokha, luso lake limafera m'mazira.

Mungausamale bwanji msewu wanu?

Napolo palibe angamuletse ndi khasu. Mlatho waukulu ukagwa, imeneyo ndi ntchito ya boma. Misewu ikuluikulu imayang'aniridwa ndi bungwe la Roads Authority, ndipo ya m'midzi imayang'aniridwa ndi khonsolo ya boma lanu. Koma misewu yambiri ya kumudzi siwonongeka ndi namondwe ayi. Imawonongeka ndi mvula ya masiku onse, chifukwa ngalande n'zotsekeka. Apa ndi pamene inu mungathandize. Zida zake muli nazo kale: khasu, fosholo, piki, chikwanje ndi wilibala.

Lamulo lake ndi limodzi. Chotsani madzi pa msewu, ndipo muwachotse msanga.

1. Msewu ukhale ndi msana. Pakati pazikhala pokwera, m'mbali motsika, ngati denga la nyumba. Pa mita imodzi iliyonse kuchokera pakati, msewu uzitsika masentimita pafupifupi 5. Mukatero madzi amatsetserekera m'mbali.

2. Lambulani ngalande za m'mbali. Chitani zimenezi mu Okutobala, mvula isadayambe. Chotsani mchenga, udzu ndi zinyalala. Mvula yaikulu ikagwa, pitani mukaonenso.

3. Kumbani ngalande zopatutsa madzi. Ngalande ya m'mbali isanyamule madzi mtunda wautali. Pakapita kamtunda, kumbani ngalande ina yopatukira kutchire. Pamalo otsetsereka ngalande zoterezi zikhale pafupipafupi. Yambani mwakambirana ndi mwini munda, kuti madzi asakalowe m'mizere yake kapena m'nyumba ya munthu.

4. Chepetsani liwiro la madzi. M'ngalande za pa mtsetse ikani timipanda ta miyala kapena ta zikhomo za nsungwi mopingasa. Madzi akafika pa kampanda amafooka, ndipo amasiya dothi limene adanyamula.

5. Tsegulani makalavati. Suzumirani m'kati. Ngati simukuona kuwala kwa tsidya lina, kalavatiyo watsekeka. Musataye zinyalala pafupi ndi kalavati.

6. Kwirirani maenje akadali aang'ono. Yambani mwachotsa madzi ndi matope. Thirani dothi lamiyala pang'onopang'ono, muliwaze madzi pang'ono, ndi kulitsendera kwambiri. Musakwirire dzenje ndi udzu, mapesi kapena zinyalala. Zimenezi zimaola ndipo dzenje limabwerera.

7. Bzalani udzu wa vetiva m'mbali mwa msewu ndi pafupi ndi milatho. Mizu yake imalowa pansi kwambiri ndi kugwira dothi. Bzalaninso mitengo ndi nsungwi m'mbali mwa mitsinje ndi m'mapiri. Phiri lopanda mitengo limatumiza madzi onse kumsewu nthawi imodzi.

8. Musalime mpaka m'ngalande ya msewu. Musakumbe mchenga pansi pa mlatho. Musaumbe njerwa ndi dothi la m'mbali mwa msewu.

9. Nenani msanga. Mukaona mng'alu pa mlatho kapena dothi likugumuka pafupi ndi kalavati, uzani a mfumu ndi komiti ya chitukuko ya m'mudzi. Iwo akauze a komiti ya dera ndi khansala, nkhani ifike kukhonsolo. Tsopano mumatha kulemba. Lembani kalata. Tchulani dzina la msewu, malo, tsiku ndi chimene chawonongeka. Sungani kalata ina yofanana nayo. Mawu apakamwa amaiwalika, koma kalata imakhala.

Ntchito imeneyi si ya munthu mmodzi. Mutu umodzi susenza denga. Gawanani msewu, mudzi uliwonse chigawo chake, ndipo sankhani tsiku logwira ntchito.

Malangizo kwa okwera njinga nthawi ya mvula

Musawoloke madzi othamanga. Madzi ofika masentimita 15 okha, kungopitirira pang'ono pa kakolo, angathe kugwetsa munthu wamkulu ngati akuthamanga kwambiri. Madzi a masentimita 30 angathe kuyandamitsa galimoto yaing'ono. Ndiponso simungaone ngati pansi pali msewu kapena wapita kale. Dikirani madzi aphwe. Kuchedwa si kulephera ulendo.

Akabaza, wokwera akakukakamizani kuti muwoloke, kanani. Ndalama ya ulendo umodzi singagule moyo wa anthu awiri.

Mabuleki akanyowa sagwira msanga. Yambani kugwira buleki mukadali patali. Pa matope tsikani, muyende pansi. Mukafika kunyumba tsukani njinga, muiumitse, ndi kuthira oyilo pa tcheni.

Mverani wailesi. A nthambi yoona zanyengo akachenjeza za mvula yamphamvu, sinthani tsiku la ulendo. Kumbukirani kuti mtsinje ungathe kudzaza ngakhale kwanu kusadagwe mvula, chifukwa madzi amachokera kumtunda. Zimenezi ndi zomwe zidawachitikira opikisana aja ku France. Iwo adali pouma, koma ngozi idali patsogolo.

Ngati mukukonza mpikisano wa njinga kwanu

Mwina sukulu, mpingo kapena gulu la achinyamata kwanuko lifuna kuchititsa mpikisano. Tsatirani izi.

Sankhani nyengo yopanda mvula, kuyambira Meyi mpaka Okutobala. Dziwitsani a mfumu, apolisi ndi a chipatala chapafupi. Yenderani msewu wonse mlungu umodzi mpikisano usadachitike, ndipo muuyenderenso m'mawa wa tsikulo. Kwirirani maenje, ndipo pamalo oopsa ikani munthu wa mbendera yofiira. Khalani ndi njira ina yapadera yoti mudzere ngati yoyamba yawonongeka. Opikisana avale zipewa zolimba zoteteza mutu.

Chachikulu ndi ichi. Sankhani munthu mmodzi amene ali ndi mphamvu yoimitsa mpikisano. Gwirizanani musadayambe kuti iye akati imani, onse aima, ndipo mugwirizanenso mmene mudzapezere wopambana zikatero. Mukapangana kale, sipakhala mkangano. Musadikire kuti wina avulale, pakuti mtsinje wa Tinkanena udathera mu Siizi.

Mawu oti muwakumbukire

Kalavati: paipi yaikulu yodutsa pansi pa msewu.
Ngalande: njira yokumbidwa yoyendamo madzi.
Chigwembe: dzenje lalitali lokumbidwa ndi madzi othamanga.
Msana wa msewu: pakati pa msewu pamene pali pokwera.
Namondwe: mphepo yamkuntho yodza ndi mvula yambiri.

Mafunso

1. Tchulani njira zisanu zimene madzi amawonongera msewu.
2. N'chifukwa chiyani akuluakulu adaimitsa mpikisano wa ku France pa 26 Julayi 2019?
3. Chigawo cha 20 chidayenera kukhala cha makilomita 130, koma chidakhala cha makilomita 59. Adachotsapo makilomita angati?
4. Perekani zifukwa zitatu zimene mpikisano wa Nove Colli udalepherera mu Meyi 2023.
5. Ndowa imodzi imalowa malita 20. Malita 1,000 angadzaze ndowa zingati?
6. Ndi malo ati pa msewu wa kwanu amene amawonongeka chaka ndi chaka? Madzi ake amachokera kuti?

Ntchito yoti muchite

Pitani ndi anzanu a m'kalasi mukayendere msewu wochokera m'mudzi mwanu kufika kumsika kapena kuchipatala. Tengani kope ndi pensulo. Werengani makalavati onse, ndipo mulembe otseguka ndi otsekeka. Lembaninso malo amene pali zigwembe ndi pamene madzi amaima. Mukabwerako, lembani kalata imodzi yopita kwa a mfumu ndi komiti ya chitukuko, yopempha tsiku lolambula ngalande mvula isadayambe. Aliyense asayine dzina lake ndi dzanja lake.